Si vesi limodzi limene linamusintha Augustine

Pali kachigawo kamodzi ka buku la Confessions kamene kamadziwika ngakhale ndi anthu oti bukulo sanaligwirepo. Mwina munakamvapo pa ulaliki, mwina munakaona pa sitetasi ya mnzanu wina wokonda zopemphera. Chaka ndi 386, malo ndi mzinda wa Milan ku Italy. Mphunzitsi wa zaka 31 wochokera kumpoto kwa Africa wadzigwetsa pansi pa mkuyu m'munda wa panyumba yomwe akukhala, akulira chifukwa akufuna kusiya moyo wake wakale koma zikumukanika. Kenaka akumva mawu ngati a mwana kunyumba yoyandikana, obwerezabwereza ngati kanyimbo ka pamasewera, omuuza kuti atenge buku awerenge. Abwerera pomwe anasiya buku, atsegula, maso agwera pa mawu a Paulo amene lero timawapeza pa Aroma 13:13-14, odzudzula maphwando a mowa, chiwerewere ndi mikangano. Pomwepo mtima wakhala pansi.

Nkhaniyi imatikomera chifukwa ili ndi maonekedwe a umboni womwe tinazolowera kutchalitchi: kale ndinali mumdima, tsiku lakuti Ambuye anandigwira, lero zanga zili bwino, aleluya. Imakomeranso m'badwo wathu uno wa vesi la tsiku, lija limafika pa foni m'mamawa litavekedwa chithunzi cha dzuwa likutuluka. Ngati munthu amene anadzakhala bishopu wa ku Hippo anasinthika ndi mizere iwiri yotsegula mwamwayi, nanga ine ndivutikirenji ndi Levitiko yense? Ine ndikuti kawerengedwe kameneka kakulinamizira bukuli. Confessions ili ndi magawo 13, ndipo za m'munda zija zili kumapeto kwa gawo la 8. Magawo asanu ndi awiri apita kale, asanu akubwera, ndipo onsewo akukamba za munthu amene Baibulo linamutengera nthawi yaitali kuti alimvetse.

Tiyambe ndi buku lomwe anatsegulalo. Silinali Baibulo lathunthu ngati lathuli. Linali buku la makalata a Paulo okha, ndipo Augustine anali atakhala akuliwerenga mwakhama kwa nthawi ndithu. Amanena yekha zimenezi kumapeto kwa gawo la 7. Tsiku lomwelo la m'munda, kunabwera mlendo, Ponticianus, mnzawo wa ku Africa wogwira ntchito kunyumba ya mfumu ya Aroma. Anaona buku patebulo losewererapo, nalitola poganiza kuti ndi la zauphunzitsi, ndipo anadabwa kupeza kuti ndi Paulo. Ndi mlendoyu amene anawafotokozera za Antony wa ku Egypt, amene anamva Uthenga Wabwino ukuwerengedwa m'tchalitchi nagulitsa zake zonse, komanso za akuluakulu awiri a boma ku Trier amene anasiya ntchito atawerenga mbiri ya Antony yemweyo. Zisanachitike izi, nkhalamba ina, Simplicianus, inali itamusimbira za kutembenuka kwa Victorinus, mphunzitsi wotchuka wa ku Rome. Choncho pofika pansi pa mkuyu paja, nkhuni zinali zitaunjikidwa kale. Mwana uja anangobweretsa machesi.

Komanso tisaiwale kuti mavesi kunalibe. Mitu yomwe tili nayo m'Baibulo inagawidwa m'zaka za m'ma 1200, ndipo manambala a mavesi a Chipangano Chatsopano anaikidwa ndi Robert Estienne mu 1551. Augustine sankadziwa chinthu chotchedwa Aroma 13:13. Ankadziwa kalata yopita kwa Aroma, yonse, monga mmene munthu amadziwira msewu womwe amadutsamo tsiku ndi tsiku.

Za kutsegula buku mwachisawawa n'kuyembekeza yankho, mwini wakeyo anali nazo chikaiko. Mu gawo la 4, dokotala wina wachikulire, Vindicianus, akumulangiza kuti asiye zokhulupirira nyenyezi, ndipo akumufotokozera kuti oombezawo akalondola amalondola mwamwayi, chimodzimodzi munthu amene watsegula buku la ndakatulo paliponse n'kupeza mzere wogwirizana ndi vuto lake. Patapita zaka, ali bishopu, analembera kalata munthu wina dzina lake Januarius, momwe ananena kuti bola anthu aziombeza ndi masamba a Uthenga Wabwino kusiyana ndi kupita kwa mizimu yoipa, komabe mwambowo sumusangalatsa, chifukwa ukutenga mawu okamba za moyo wina n'kumafunsira za bizinesi ndi zina za pansi pano. Amene mumatsegula Baibulo maso ali chitsekere pofuna kudziwa ngati viza ituluke, dziwani kuti mboni yanuyo inakukanani kalekale.

Chimene chimandikoka m'bukuli ndi chiyambi cha ubale wa Augustine ndi Malembo, chifukwa unayamba ndi kunyoza. Anabadwa mu 354 ku Thagaste, komwe lero ndi Souk Ahras m'dziko la Algeria. Mayi ake, Monica, anali Mkhristu wolimba. Bambo ake, Patricius, anabatizidwa atatsala pang'ono kumwalira. Mnyamatayo anali wanzeru, banja linadzimana kuti akaphunzire luso la kuyankhula pagulu ku Carthage. Ali ndi zaka 19 anawerenga buku la Cicero lotchedwa Hortensius, lomwe lero linatayika kungotsala tizidutswa, ndipo linamuyatsa mtima wofunafuna nzeru. Anati ayesekonso Baibulo la mayi ake. Analitseka msanga. Chilatini chake chinali chokhakhala, chomasuliridwa mawu ndi mawu kuchokera ku Chigiriki ndi anthu osadziwika, ndipo kwa mnyamata wakhutu lozolowera Cicero zinkamveka ngati zakumudzi.

Aliyense amene anapitako ku koleji n'kubwerera kwawo akumva ngati Buku Lopatulika la agogo ndi Chichewa chachikale chosayenera munthu wa digiri, adziona pamenepa. Kusiyana kwake n'kwakuti Augustine wachikulire, amene akulemba bukuli cha m'ma 397 mpaka 400, sakunamizira womasulira. Akuti vuto linali khosi lake lomwe silinkafuna kuwerama pakhomo lalifupi. Komatu anthu a nthawi imeneyo ankalikonda Baibulo lawo lokhakhalalo. Jerome atatulutsa kumasulira kwatsopano kochokera ku Chiheberi, mpingo wa ku Oea, komwe lero ndi Tripoli, unachita phokoso m'tchalitchi chifukwa dzina la chomera chija chinamuchitira mthunzi Yona linali litasinthidwa, mpaka bishopu wawo anatsala pang'ono kutsala yekha. Augustine ndiye anamulembera Jerome kumuuza nkhaniyi. Zokangana za Buku Lopatulika ndi Buku Loyera sizinayambe ndi ife.

Atalisiya Baibulo, analowa gulu la otsatira Mani, mphunzitsi wa ku Persia, nakhalamo zaka zisanu ndi zinayi. Anthu amenewa anali ndi mafunso akuthwa. Zoipa zinachokera kuti ngati Mulungu ndi wabwino? Abrahamu ndi Yakobo angakhale bwanji olungama pomwe anali amitala? Ngati munthu analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, ndiye kuti Mulungu ali ndi tsitsi ndi zikhadabo? Mafunso omwewa mukawapeza lero m'makomenti a pa Facebook pansi pa positi iliyonse ya zachipembedzo. Yankho lawo linali lakuti pali mphamvu ziwiri zosatha, kuwala ndi mdima, ndipo munthu akachimwa ndi mdima uli mwa iye umene wachimwa. Augustine amavomera kuti chiphunzitsochi chinkamukomera chifukwa chinkamuchotsera mlandu. Sitili patali kwenikweni ndi m'bale amene wabera mkazi wake kachitatu n'kumati ndi mzimu wa kumtundu.

Apa m'pamene nkhani ya zipatso zija imapezera tanthauzo. Mu gawo la 2 akusimba kuti ali ndi zaka 16, iye ndi anzake anapita usiku kukagwedeza mtengo wa eni ake. M'Chingerezi zipatsozo ndi mapeyala, koma musaganize mapeyala athu opaka pa buledi aja. Ndi zipatso zina za kumaiko ozizira. Owerenga ambiri amaseka: bishopu mutu wonsewu, masamba ndi masamba kulirira tizipatso? Koma onani mmene akufufuzira. Njala analibe. Zipatsozo sizinali zokoma, kwawo kunali zabwino kuposa pamenepo. Anangolawako pang'ono, zotsala anaponyera nkhumba. Ndipo akudziwa kuti akanakhala yekha sakanaba. Akuchotsa zifukwa chimodzichimodzi ngati munthu wosenda anyezi, mpaka chotsala n'chakuti anakonda kulakwako pakokha, ndi kuseka kwa gulu. Akusankha dala tchimo laling'ono lopanda phindu kuti pasapezeke pobisala. Kwa ine awa ndi masamba olembedwa bwino kuposa a m'munda aja, ndipo ndi yankho lake kwa a Mani: palibe mdima wachilendo unabwera kudzaba, ndine ndinaba.

Amene anamutsegulira Baibulo ndi Ambrose, bishopu wa ku Milan, ndipo zinayenda pang'onopang'ono. Augustine anafika ku Milan mu 384 atapeza ntchito yapamwamba youphunzitsi, ndipo ankapita kutchalitchi kukayeza ngati Ambrose amathadi kuyankhula monga anthu ankanenera. Ankamvera kakomedwe ka mawu, tanthauzo linkangolowa mozemba. Lamlungu ndi Lamlungu, Ambrose ankatenga ndime za Chipangano Chakale zomwe a Mani ankaziseka n'kuonetsa kuti zingathe kuwerengedwa mozama kuposa mmene zikuonekera pamwamba. Pali kachithunzi kena kokongola mu gawo la 6: Augustine akulowa m'chipinda cha Ambrose ndi mafunso ake, akumupeza akuwerenga chamumtima, milomo osagwedezeka, ndipo akukhala chete kwa nthawi yaitali kenaka n'kutuluka osafunsa kanthu. Mphunzitsi wake wamkulu sanakhale naye pansi n'kumupatsa mayankho onse. Anangomuonetsa kuti Malembo angawerengedwe ndi munthu wanzeru popanda kuzimitsa nzeruzo.

Nanga atachoka m'munda muja? Apa ndi pomwe maumboni athu amathera ndi kuwomba m'manja, koma buku likupitirira. Pokonzekera ubatizo analembera Ambrose kufunsa choti awerenge. Ambrose anati Yesaya. Augustine anayamba, sanamve kanthu, anaganiza kuti buku lonse ndi lovuta chomwecho, nalisiya kuti adzalibwerere akadzazolowera kayankhulidwe ka Ambuye. Munthu yemwe uja wa Aroma 13, patangopita miyezi yowerengeka, wagonja pa chiyambi penipeni pa Yesaya! Ndimakonda kuti sanabise. Anabatizidwa pa Pasaka wa 387 pamodzi ndi mnzake Alypius ndi mwana wake Adeodatus. Mu 391 mpingo wa ku Hippo unamugwira mokakamiza kuti akhale wansembe, ndipo chinthu choyamba chimene anapempha kwa bishopu Valerius chinali tchuthi cha masabata angapo kuti aphunzire Malembo, poti ankaona kuti sakuwadziwa mokwanira. Apo n'kuti patadutsa zaka pafupifupi zisanu chichokereni m'munda.

Gawo la 10 ndi limene ndikanakonda litamawerengedwa m'magulu athu ophunzira Baibulo. Pano sakusimbanso zakale. Ndi bishopu wa zaka zopitirira 40 akudziyeza mmene alili tsiku lomwe akulembalo. Akuti maloto achiwerewere amamubwererabe. Pakudya sadziwa pomwe njala yathera ndi pomwe dyera layambira. Nyimbo za m'tchalitchi nthawi zina zimamukoka ndi kukoma kwa mawu kuposa zomwe zikunenedwa. Kuyamikiridwa kumamukomera, ndipo sakudziwa kuti kumamukomera mpaka pati. Mpaka akuulula kuti atakhala m'nyumba amatha kutayika maganizo poonerera nalimata akugwira ntchentche kapena kangaude akukola tizilombo. Tangoganizani mbusa wa masiku ano ataima pa guwa n'kunena zimenezi za sabata yomweyi, osati za zaka 20 zapitazo asanabadwe mwatsopano. Ife umboni timaufuna wa machimo akale okhaokha, otha ntchito, osaluma. Augustine akupereka a lero, ndipo bukulo silikugwa nazo.

Magawo atatu omaliza ndi amene anthu ambiri amawathawa, moti mabuku ena osindikizidwa amangolekeza pa gawo la 10. Kunena zoona ndi olemera. Mbiri ya moyo wake yatha, tsopano wakhala pansi ndi mutu woyamba wa Genesis, ndipo mawu oyambirira okhawo akumutengera gawo lonse la 11 pofunsa kuti nthawi n'chiyani. Penapake akukumbukira nthabwala ya anthu ena, yakuti asanalenge dziko Mulungu ankakonzera moto ofunsa mafunso oterewa, ndipo akuikana, akuti kuseka wofunsa si kuyankha funso. Mu gawo la 12 akuika pamzere matanthauzo angapo a chiganizo choyamba cha Genesis, n'kunena kuti angapo mwa iwo angathe kukhala oona nthawi imodzi, ndipo kuti kumenyanirana tanthauzo limodzi mpaka kuphwanya chikondi ndi kuphonya cholinga chomwe Malembowo analembedwera. Wodula magawo amenewa wadula mathero a nkhani. Mnyamata uja anatseka Baibulo ku Carthage chifukwa cha Chilatini chosakoma, pano akutha masamba makumi angapo pa tsamba loyamba lokha, ndipo sakufuna kuchokapo. Kukula kumene bukuli likukamba n'kumeneko.

Koma pali malo pomwe bukuli limandikhumudwitsa, ndipo sindikuona chifukwa cholikhululukira msanga. Augustine anakhala ndi mkazi mmodzi kwa zaka zoposa 13, kuyambira ali mnyamata ku Carthage. Ndiye mayi wa Adeodatus. Anamutsatira mpaka ku Italy. Ntchito itayamba kuyenda ku Milan, panafunika ukwati wa ulemu ndi banja lachuma, ndipo Monica anali patsogolo kukonza zimenezo. Mkazi uja anabwezedwa ku Africa, mwana anatsala ndi bambo. Mtsikana amene anamupezera anali atatsala ndi zaka ziwiri kuti afike msinkhu wololedwa kukwatiwa, womwe pa malamulo a Aroma unali zaka 12. Werengerani nokha. Podikira zaka ziwirizo, Augustine anatenga mkazi wina.

Zonsezi zikukambidwa m'mizere yochepa kumapeto kwa gawo la 6. Inde, akunena kuti mtima wake unang'ambika, ndipo akuvomera kuti mkaziyo, amene analumbira kuti sadzakhalanso ndi mwamuna wina, anamuposa. Koma dzina lake sakulitchula, mawu ake sitikuwamva ngakhale amodzi. Omuikira kumbuyo amati mwina ankamuteteza, poti bukulo linkawerengedwa iye mwina akadali moyo, ndipo amakumbutsa kuti mnzake wapamtima amene anamwalira mu gawo la 4 nayenso sanatchulidwe dzina. Chabwino. Vuto langa si dzina lokha. Munthu amene anasenda nkhani ya zipatso mpaka pa njere, pano akufufuza chilakolako chake chokha, ngati kuti tchimo linali kulephera kugona yekha basi. Funso loti anamulakwira chiyani mayiyo, pomulanda mwana ndi zaka zonse zija chifukwa cha udindo, silikufunsidwa. Monica akupatsidwa theka la gawo la 9, imfa yawo ku Ostia ikulembedwa mwachikondi chogwetsa misozi, koma dzanja lawo pa nkhani imeneyi silikuunikidwa. Aliyense wa ife akudziwa mayi wina amene anavutika ndi mwamuna pa nthawi ya umphawi n'kusiyidwa zinthu zitayera. Kuwerenga Paulo usana ndi usiku sikunamuonetse Augustine mayi ameneyo.

Pali chinanso chomwe chili kunja kwa Confessions koma chiyenera kutchulidwa, makamaka kwa ife amene timanyadira kuti mkuluyu anali wa ku Africa. Akhristu ambiri a dera lake la Numidia anali a mpingo wa Donatus, womwe unapatukana ndi Akatolika pa nkhani ya atsogoleri amene anapereka mabuku oyera kwa boma pa nthawi ya chizunzo. Poyamba Augustine ankati anthuwa akopedwe ndi mawu okha. Kenaka anasintha maganizo, navomereza kuti boma liwakakamize, ndipo anatsamira pa fanizo la phwando la pa Luka 14, pomwe mwini phwando akutuma kapolo wake kukaumiriza anthu kulowa. Msonkhano wa ku Carthage wa 411 utagamula mowatsutsa, malamulo anawathina kwambiri. Yemwe uja analemba kuti tisaphwanye chikondi polimbirana tanthauzo, anapeza ndime yodalitsira chikwapu. Kudziwa Malembo kwambiri kunamupatsanso zida zambiri.

Sindikunena izi kuti mulitaye bukuli. Ndikuti muliwerenge lonse, ndi maso anu otsegula, monga mwini wake ankawerengera Genesis. Ngati mukusaka la Chingerezi, limene limapezeka mwaulere pa intaneti kawirikawiri ndi la Pusey la mu 1838, ndipo Chingerezi chake n'chachikale moti mudzagona musanafike pa zipatso. La Henry Chadwick la mu 1991 ndi losavuta kutsatira ndipo lili ndi mawu ofotokozera m'munsi. La Sarah Ruden la mu 2017 limamveka ngati munthu akuyankhula. Onetsetsani kuti magawo ndi 13. Ndipo muzikumbukira kuti buku lonseli likuyankhula ndi Mulungu, ife tikungomvera pakhomo. Chiganizo ndi chiganizo mwalukidwa mawu a Masalimo, mwakuti nthawi zina simungadziwe pomwe Davide walekezera ndi pomwe Augustine wayambira. Chilatini chija ankachinyoza ali ndi zaka 19 ndicho chinadzakhala chiyankhulo chake chofotokozera moyo wake womwe.

Cha m'ma 426 ndi 427, ali ndi zaka zopitirira 70, anakhala pansi n'kuwerenganso mabuku ake 93 limodzi ndi limodzi, n'kulemba buku lina, Retractationes, losonyeza pomwe ananena mopitirira, pomwe anatsatira kumasulira kolakwika, ndi pomwe maganizo ake anasintha. Anamwalira pa 28 August 430, mzinda wa Hippo utazingidwa ndi ankhondo a mtundu wa Vandal. Mnzake Possidius, amene analemba mbiri yake, akuti m'masiku omaliza anapempha kuti amulembere Masalimo a kulapa pa mapepala n'kuwamata pakhoma moyang'anizana ndi bedi lake. Kwa masiku khumi anapempha kuti pasalowe munthu kupatula madokotala ndi obweretsa chakudya, ndipo ankangowerenga za pakhomazo akulira.